Za M'banja Mwathu: Kathonje Kamene Ana Athu Abisa M'chikwama

Makolo anzathu ndi inu nonse owerenga tsamba lino, mwezi uno tipempha kuti mutilole kutulutsira pabwalo nkhani ya kuseri kwa nyumba. Tidziwa kuti nyuzi ino imawerengedwa ndi abambo, amayi ndi ana omwe, ndiponso kuti makolo athu sadali kutchula za kumwezi pagulu. Mwambo umenewo tiulemekeza, ndipo mau athu tiwasankha mosamala. Koma pali kanthu kena kamene kalowa m'zikwama za ana athu aakazi osadzera kwa azakhali, kwa agogo kapena kwa alangizi a mpingo, ndipo kukhala chete kwathu sikukachotsa m'chikwamamo. Kanthuko dzina lake ndi tamponi.

Kwa amene sadaionepo, tamponi ndi kathonje kopanikizidwa zolimba, kofanana ndi chala chaching'ono, kokhala ndi kachingwe kumapeto kwake. Nyanda ndi padi zimalandira magazi atatuluka kale, koma tamponi imaikidwa m'kati mwa njira yoberekera, niyamwa magaziwo asanatuluke. Ikadzaza, mwini wake akoka kachingwe kaja n'kuitaya. Ina imabwera m'kachubu kothandiza polowetsa, ina njolowetsa ndi chala. Si chinthu chatsopano ayi. Dokotala wina wa ku Denver m'dziko la America, dzina lake Earle Haas, ndiye adakonza tamponi ya m'kachubu nakalembetsa luso lakelo ku boma m'chaka cha 1931, ndipo pofika 1936 idayamba kugulitsidwa ndi dzina loti Tampax. Kwathu kuno idachedwa kufika. Ngakhale lero ipezeka makamaka m'masitolo akuluakulu ndi m'mafamase a m'mizinda, ndipo mtengo wake si wamasewera.

Tisafulumire kunena kuti ana a masiku ano angotengeka ndi zachizungu. Ife amene tagwira choko zaka zoposa 30 tidziwa chimene chimachitika m'kalasi la Sitandade 7 ndi 8. Mphunzitsi aitana mtsikana wanzeru kuti adzalembe yankho pa bolodi, iye angoweramitsa mutu osadzuka. Belu likalira anzake onse atuluka, iye atsalira, kenaka atuluka cham'mbali atamanga juzi m'chiuno. Anyamata akaona kadontho kamodzi pa yunifolomu, nkhaniyo ifika m'makalasi onse dzuwa lisanapendeke, ndipo atsikana ena amasankha kungokhala kunyumba masiku atatu kapena anayi mwezi uliwonse. Nyanda ikanyowa imakhula m'ntchafu mpaka kusupula khungu, makamaka kwa mwana woyenda mtunda wautali m'dzuwa la mwezi wa Okutobala. Padi imasuntha munthu akamathamanga. Tsono mnzake wa ku sekondale yogonera komweko akamuuza kuti kuli kanthu kosaoneka, kosasuntha, kamene munthu atha kusewera nako mpira wa ntchemberembaye ngakhale kusambira m'nyanja, kodi tidabwa kuti mwanayo afuna kukayesa?

Vuto lagona pa njira imene kanthuka kamafikira m'manja mwake. Kawirikawiri mtsikana sagula bokosi lathunthu. Apatsidwa kamodzi kapena tiwiri ndi mnzake wa m'hositelo, popanda bokosi, popanda pepala la malangizo limene opanga amaikamo. Ngakhale pepalalo likhalepo, lalembedwa m'Chingerezi cha madokotala, m'timalemba tating'ono ngati nyerere. Mphunzitsi wake pa nkhaniyi akhala mtsikana mnzake wa zaka 15. Mwa mwambo wathu mwana akatha msinkhu amakauza azakhali kapena agogo, ndipo mpingo udaika alangizi kuti amuphunzitse kudzisamala. Koma ambiri a ife azakhali ndi alangizi tidakula ndi nyanda, tamponi sitidaigwirepo n'komwe. Timati safunsa adadya phula, koma apa mwana afuna kufunsa, wofunsidwa ndiye palibe.

Tiyambe ndi kupweteka, pakuti ndilo dandaulo loyamba la atsikana amene ayesa. Ambiri amaganiza kuti ululuwo ndiwo mtengo wake, nangolimba mtima. Si choncho. Tamponi yoikidwa bwino siimveka konse. Mitsempha yomvera ululu idachuluka pakhomo pa njirayo, koma m'katikati ndi yochepa. Chifukwa chake ngati mtsikana amva kubaya akakhala pa desiki kapena akamayenda, ndiye kuti tamponiyo yaima pakhomo, siidafike pamalo pake. Asambe m'manja ndi sopo, aikankhire m'kati pang'ono, kapena aichotse n'kuyambanso ndi yatsopano. Njirayo siipita molunjika kumwamba monga ana amaganizira; imapendekera cha kumsana, ndipo wokankha molunjika adzipweteka pachabe. Mantha nawo amaonjeza. Munthu akaopa, minofu ya pamalopo imadzimanga yokha, ndipo mwana amene akuchita izi mothamanga m'chimbudzi chopanda chitseko, anzake akugogoda pa khoma, sangamasuke. Apeze nthawi yake ali yekha, apume mpweya pang'onopang'ono, anjute kapena aike phazi limodzi pamalo okwera.

Kuuma ndi chifukwa china chachikulu. Thonje louma silitsetsereka pa thupi louma. Woyamba kumene ayese tsiku limene magazi akutuluka ambiri, osati tsiku lomaliza, ndipo asayerekeze kuphunzira pamene sali kumwezi. Atenge yaing'ono koposa zonse, imene pa bokosi amalemba kuti mini kapena light. Mainawa ali ndi tanthauzo lenileni. Monga mwa muyeso wa ku America, light imayamwa magalamu osapitirira 6, regular kuyambira 6 kufika 9, super kuyambira 9 kufika 12, ndipo super plus kuyambira 12 kufika 15. Mabokosi ena amajambula timadontho m'malo mwa mau, timadontho tambiri kusonyeza kuyamwa kwambiri. Mkazi wamba amataya magazi pafupifupi mamililita 30 kufika 40 pa msambo wonse, ndiko kuti masupuni akulu awiri kapena atatu, choncho mtsikana wamng'ono safuna super kawirikawiri. Ngati pochotsa imakakamira ndi kupweteka, ndipo ituluka mbali yaikulu ikadali yoyera, ndiye kuti njaikulu kuposa magazi ake. Atsike pa yocheperapo kapena avale padi.

Apa tinene chinthu chimene chimatimvetsa chisoni ife aphunzitsi. Atsikana ambiri amafika Sitandade 8 osadziwa kuti mkodzo uli ndi njira yakeyake, yosiyana ndi njira ya magazi a msambo. Ena amadziletsa kumwa madzi tsiku lonse poganiza kuti tamponi yatseka potulukira mkodzo. Ena amayesa kuilowetsa pamalo olakwika nadzivulaza. Mtsikana atha kutaya madzi tamponi ili m'malo mwake, angogwirira kachingwe pambali kuti kasanyowe. Enanso amaopa kuti ingasochere m'mimba. Siingathe. Kumapeto kwa njirayo kuli khomo la chiberekero, ndipo kabowo kake nkakang'ono kwambiri koti tamponi siingadutse. Kachingwe kakabisala, mwana anjute, adzikanike monga achitira kuchimbudzi, aifunefune ndi zala zosamba bwino. Ikakanika, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo asayese kuikola ndi kamtengo kapena chipangizo china chilichonse. Anamwino amaichotsa m'kamphindi, ndipo sikhala nthawi yawo yoyamba kuona zotere.

Pali ululu wina umene sumva malangizo onsewa, ndipo umenewo ndi wa kuchipatala. Atsikana ena adabadwa ndi kakhungu ka pakhomo kokhala ndi kabowo kakang'ono kwambiri, kapena kokhala ndi kamzere kopingasa pakati, kotero kuti tamponi ikana kulowa, kapena ilowa koma itatupa ndi magazi ikodwa potuluka. Madokotala amakonza zimenezi ndi opaleshoni yaing'ono. Kwa ena minofu imadzimanga yokha nthawi zonse ngakhale mwini wake afune kumasuka, ndipo vutoli lili ndi chithandizo chake. Kwa ena pali kuyabwa ndi zilonda zimene ambiri timangoti mauka. Zimenezo zifuna mankhwala a kuchipatala, osati lumo la kuseri kwa nyumba. Koma kupotokola kwa m'mimba kumene kumadza ndi msambo, tamponi siikuyambitsa ndipo siikuchiza, pakuti kumachokera m'chiberekero pamene chikufinya kuti magazi atuluke. Botolo la madzi ofunda pamimba ndi Brufen womwa atadya zimathandiza ambiri. Mwana amene ululuwo umamugoneka mwezi ndi mwezi, kapena amene adzaza padi kapena tamponi ora lililonse kwa maora angapo, tisamuuze kuti ndiwo ukazi, timuperekeze akamupime.

Tsopano tifike pa funso limene tidziwa kuti lili m'mitima ya makolo ambiri chiyambire ndime yoyamba. Kodi chinthu chimenechi sichichotsa unamwali wa mwana? Ambirife tidakula tikumva kuti pakhomo pa njirayo pali chivundikiro chotseka, chimene chimang'ambika tsiku la ukwati basi. Tikadafatsa tikadadzifunsa kuti, ngati pali potseka, nanga magazi a mwezi ndi mwezi amadzera pati? Zoona zake n'zakuti pamalopo pali kakhungu kopyapyala kozungulira m'mbali, kokhala ndi bowo chibadwire, ndipo kamasiyana mtsikana ndi mtsikana monga makutu athu asiyanirana. Kamatamuka. Tamponi yaing'ono imadutsa pabowolo. Nthawi zina imakatamula, ndipo mwa apo ndi apo itha kukang'amba pang'ono. M'chaka cha 2018 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization, pamodzi ndi nthambi zina za United Nations, lidanena poyera kuti palibe kupima kulikonse kumene kungasonyeze ngati mtsikana adagonapo ndi mwamuna kapena ayi, ndipo lidapempha kuti mchitidwe wopima atsikana uleke.

Ife a mpingo timaphunzitsa ana athu kudzisunga kufikira tsiku la ukwati, ndipo sitileka. Koma kudzisunga ndi nkhani ya khalidwe ndi ya mtima. Kathonje si mwamuna. Tidamvapo za mayi amene adapeza tamponi m'chikwama cha mwana wake pa tchuthi, ndipo osafunsa kanthu adagamula kuti mwanayo wayamba zachiwerewere, namukwapula, namuchititsa manyazi pamaso pa abale. Mwanayo adangofuna kusewera mpira wa sukulu osaopa kudetsa siketi. Kodi mwana wotere adaleka? Ife tikayika. Chimene adaphunzira ndi kubisa bwino koposa kale. Ndipo kubisako ndiko kumene kungamuphe, pa chifukwa chimene tifotokoze tsopano.

M'chaka cha 1978 dokotala wa ana wa ku Denver komwe kuja, James Todd, adalemba za ana 7, anyamata ndi atsikana, amene adadwala mwadzidzidzi matenda achilendo otentha thupi, ofiiritsa khungu ndi ogwetsa mphamvu ya magazi. Adawatcha toxic shock syndrome, mwachidule TSS. Pasanapite nthawi madokotala a ku America adayamba kuona matenda omwewo mwa akazi achitsikana amene adali athanzi dzulo lake, ndipo ambiri a iwo adali kumwezi. M'chaka cha 1980 likulu lofufuza za matenda la CDC ku Atlanta lidapeza kuti chimene chidawalumikiza ndi matamponi, makamaka oyamwa kwambiri. Mtundu wina wotchedwa Rely, wopangidwa ndi kampani ya Procter & Gamble, sudali wa thonje wamba; udali ndi tizidutswa ta siponji ndi mankhwala ena ogwira madzi, ndipo unkayamwa kwambiri kotero kuti akazi ankakhala nawo nthawi yaitali osasintha. Udachotsedwa m'masitolo m'mwezi wa Seputembala 1980. M'chaka chimenecho chokha akazi opitirira 800 adalembedwa kuti adwala TSS ya pa nthawi ya msambo, ndipo 38 adamwalira. Kuyambira 1982 boma la America lidalamula kuti pa bokosi lililonse pakhale chenjezo, m'chaka cha 1985 ulusi wina woyamwa kwambiri udaleka kugwiritsidwa ntchito, ndipo kuyambira 1990 makampani onse adayamba kutsata muyeso umodzi wa magalamu umene tatchula uja. Odwala adachepa kwambiri.

Matendawa amayamba motere. Pali kachilombo kotchedwa Staphylococcus aureus kamene kamakhala pa khungu ndi m'mphuno mwa anthu ambiri, pafupifupi mmodzi mwa atatu, osawadwalitsa. Mwa akazi ena kamakhalanso m'njira yoberekera. Mitundu ina ya kachilomboka imatha kutulutsa poizoni, ndipo imatero ikapeza malo ofunda, magazi oima ndi mpweya. Tamponi imalowa ndi mpweya m'thonje lake, nisunga magazi pamalo amodzi. Ikakhala yaikulu ndi yokhalitsa, kachilombo kapeza munda wolimidwa kale. Poizoniyo adutsa khungu la m'kati nalowa m'magazi, thupi lonse lidzidzimuka, mphamvu ya magazi igwa, ndipo impso, chiwindi ndi mapapo ziyamba kulephera m'masiku awiri kapena atatu okha. Akuluakulu ambiri ali kale ndi asilikali a m'thupi odziwa kugonjetsa poizoni ameneyu, chifukwa adakumana naye pang'onopang'ono m'moyo wawo. Achichepere ambiri sanafike pamenepo. N'chifukwa chake matendawa amakonda atsikana a msinkhu wa ku sekondale ndi akazi achitsikana kuposa ife amayi awo.

Tisakuopsezeni kopitirira muyeso. Matendawa ndi osowa ndithu. Kumaiko kumene amawerengera, amagwira mkazi mmodzi kufika atatu mwa akazi 100,000 a msinkhu wosamba pa chaka, ndipo akazi mamiliyoni ambiri agwiritsa ntchito matamponi moyo wawo wonse popanda vuto. Ndiponso si tamponi yokha imene imawayambitsa. Amadzanso pa bala, pa chilonda cha moto ndi kwa mayi amene wangobereka kumene. Koma sadathe. M'chaka cha 2012 mtsikana wina wa ku California wotchuka pa zoonetsa zovala, Lauren Wasser, wa zaka 24, adayamba kumva kuphwanya m'thupi ali kumwezi. Adayesa chimfine, nakagona. Adamupeza atakomoka m'chipinda chake. Moyo wake udapulumuka, koma mwendo wake wakumanja udadulidwa, ndipo m'chaka cha 2018 wakumanzerenso udadulidwa. Ameneyu adali m'dziko la zipatala zapamwamba.

Iye adayesa chimfine. Ife kuno tikadayesa chiyani? Tamvani zizindikiro zake: kutentha thupi kodza mwadzidzidzi, kofika madigiri 39 kapena kupitirira, kusanza, kutsegula m'mimba, kuphwanya m'thupi, mutu, chizungulire poimirira, kufooka ndi kubwebweta. Kodi pali kholo m'Malawi muno limene likamva zimenezi silinena kuti ndi malungo? Chizindikiro chimodzi chimene chimasiyanitsa ndicho khungu lofiira ngati lopsa ndi dzuwa, koma mabuku amene adalemba zimenezo adalembera anthu a khungu loyera. Pa khungu lathu kufiirako sikuoneka msanga, makamaka usiku pa kuwala kwa tochi. Pafunika kuyang'ana m'maso, pa lilime, m'kamwa ndi m'zikhatho. Kusupuka kwa khungu la m'manja ndi kumapazi kumadza patapita sabata imodzi kapena ziwiri, pamene nkhondo yatha kale.

Tsono taganizani mwana wa Fomu 2 ku hositelo. Wagona ndi thupi lotentha. Matroni amupatsa Panado nati tione mawa. Mawa amutengera kuchipatala chaching'ono, amubaya chala, malungo sapezeka. Kapena apezekadi pang'ono, monga achitira mwa ana ambiri a kumadera a udzudzu, napatsidwa LA n'kubwezedwa. Palibe amene wafunsa ngati ali kumwezi. Palibe amene waganiza za tamponi, pakuti ndani amayembekeza zimenezo kwa mwana wa kumudzi? Mwini wake adziwa, koma pambali pake paima matroni, kapena bambo ake amene adza ndi njinga, ndipo akumbukira zimene zidamuonekera mnzake uja wa chikwama. Akhala chete, tamponi ikadali m'thupi. Mau asanu okha akadasintha zonse, koma tidamuphunzitsa tokha kuti mauwo ndi ochititsa manyazi.

Chifukwa chake, atsikana inu amene mukuwerenga tsamba lino mobisa, imvani. Mukatentha thupi mwadzidzidzi, kapena kusanza, kapena kumva chizungulire pamene mwavala tamponi, ngakhale patapita masiku awiri kapena atatu msambo utatha, ichotseni nthawi yomweyo ndipo pitani kuchipatala osadikira kuti kuche. Kuchotsa kokha sikukwanira, pakuti poizoni amakhala atalowa kale. Mukafika, uzani namwino kapena dokotala mosabisa kuti muli kumwezi ndipo mudavala tamponi. Ngati simungathe kunena pamaso pa amene wakuperekezani, pemphani kulankhula ndi namwino panokha. Ndi ufulu wanu. Matendawa amachizika ndi madiripi ndi mankhwala amphamvu opha tizilombo akapezeka msanga. Ndipo amene adadwalapo kamodzi asadzavalenso tamponi, ngakhale kakapu kaja ka labala kamene mabungwe ena amagawa m'sukulu, chifukwa matendawa amatha kubwereza.

Lamulo lalikulu la kapewedwe ndi la maora. Tamponi isinthidwe pakapita maora 4 kufika 8, ndipo isapitirire maora 8 ngakhale ioneke kuti siidadzaze. Pa pepala n'zosavuta. Koma tiwerengere pamodzi monga tichitira m'kalasi. Mtsikana wa ku sekondale yoyendera avala tamponi 5 koloko m'mawa, anyamuka 6 koloko, aweruka masana, ayenda mtunda, afika kwawo 4 koloko madzulo. Amenewo ndi maora 11. Kusukulu sadasinthe chifukwa chimbudzi chilibe chitseko, madzi osamba m'manja palibe, ndipo alibe potaya. Wa ku hositelo avala asanapite kokawerenga madzulo, nagona nayo mpaka belu la m'mawa. Maora 8 apitirira ali m'tulo. Usiku ndi wa padi kapena nyanda yochapa bwino. Palinso masamu a umphawi, amene ndi oopsa kuposa onse. Mwana amene ali ndi matamponi 6 okha, ndipo msambo wake ndi wa masiku 5, adzayesa kutambasula imodzi kuti ikwane tsiku lathunthu, ndipo adzasankha dala yaikulu koposa kuti ikhalitse. Kumeneko ndiko kubwereza ndi manja athu zimene zidachitika ku America mu 1980. Ngati ndalama siilola kusintha katatu kapena kanayi pa tsiku, tamponi ikhale ya maora a mpira kapena a mayeso okha, nthawi yotsalayo avale zina.

Tamvanso kuti ana ena, poona kuti ya m'sitolo njodula, amadzipangira yawoyawo: apota thonje la m'paketi, kansalu, pepala la kuchimbudzi, ena mpaka kachidutswa ka matiresi. Zimenezi tikaniza ndi mtima wonse. Zilibe chingwe, zimanyenyeka n'kutsalira m'kati, ndipo sizidapangidwe mwaukhondo. Chimodzimodzi kuvala ziwiri nthawi imodzi, kapena kulowetsa yatsopano osatsimikiza kuti yakale yatuluka. Yomaliza ya tsiku lomaliza ndiyo imaiwalika kawirikawiri. Fungo loipa lodza patapita masiku angapo msambo utatha likhale chikumbutso choti mwana adzifufuze. Yogwiritsa ntchito kale ikulungidwe m'pepala n'kutayidwa m'chimbudzi chokumba kapena motayira zinyalala zokaotcha, osati m'chimbudzi cha madzi, chifukwa imatupa n'kutseka mapaipi.

Ambirife titatha msinkhu tidauzidwa kuti tisathire mchere m'ndiwo pamene tili kumwezi, ndipo lamulo limenelo tidalisunga mosaphonya ngakhale tsiku limodzi, pena mpaka kuitana kamwana ka kwa aneba kuti kadzatithirire. Za mcherezo tikambirana tsiku lina. Tingoti anankungwi akale adadziwa kukhomereza lamulo m'mutu mwa mwana kuti lisachoke. Luso lomwelo likufunika lero pa lamulo la maora 8, limene kuseri kwake kuli moyo weniweni.

Wina afunsa kuti, tsono inu a tsamba lino mukuti ana athu azivala kapena asavale? Ife sitikakamiza mwana aliyense. Kwa mtsikana wa ku pulayimale amene wangoyamba kumene, amene sanadziwe bwino thupi lake ndi masiku ake, tiona kuti padi, kapena zosoka zija zochapa zimene magulu a amayi a m'sukulu zathu amasoka, n'zokwanira ndi zosavuta. Boma lidachotsako msonkho pa mapadi m'chaka cha 2022, ngakhale mitengo yakwerabe ndi kugwa kwa kwacha. Koma sitiletsanso. Madokotala saika msinkhu woyambira tamponi. Chofunika n'chakuti mtsikanayo athe kuivala ndi kuichotsa yekha, awerenge maora, ndipo akhale ndi munthu wamkulu mmodzi amene adziwa kuti amaivala. Munthuyo akhale mayi, azakhali, mlangizi kapena matroni, malinga ngati mwana angamuuze osaopa mbama. Inu abambo, sitikupemphani kulowa m'nkhani za kuchipinda kwa amayi. Gawo lanu ndi ili: mwana wamkazi akapempha ndalama ya zofunika zake musamufunse mafunso ambiri, ndipo akatentha thupi usiku musati tidikire mawa, ndipo mukafika naye kuchipatala, tulukani panja pang'ono kuti alankhule ndi namwino momasuka.

Pempho lathu lipite kwa amayi a Mvano ndi a Chigwirizano, ndi kwa alangizi m'mipingo yathu yonse. Pafupifupi mpingo uliwonse uli ndi namwino kapena mzamba pakati pa akhristu ake. Mupatseni tsiku limodzi pa msonkhano wanu, alangizi aphunzire okha poyamba atsikana asanaitanidwe. Sonkhani ndalama mugule bokosi limodzi la mini ndi limodzi la super, mubwere ndi matambula awiri a madzi, muviike imodzi uku ina uku, kuti aliyense aone ndi maso ake m'mene zimatupira ndi kusiyana kwake, agwire kachingwe, akoke. Mabokosi awiriwo akwanira gulu lonse. Pepala la m'katimo lipatsidwe kwa mphunzitsi amene ali pakati panu, alimasulire m'Chichewa, alilembe pa bolodi m'malemba akuluakulu, ndipo aliyense akopere m'kope lake.